Chaka cha Kalabu ya Kiriketi ku Thyolo

Boma la Thyolo lili m'chigawo cha kummwera kwa dziko lathu. Munthu akamayenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje amaona minda ya tiyi yobiriwira itakuta zitunda ndi zigwa. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inakhazikitsidwa mu 1923.

Azungu amene anatsegula mindayi anabwera ndi masewera a kwawo. Amodzi mwa masewerawo ndi kiriketi, amene anayambira ku Mangalande. Pa nthawi ya atsamunda, makalabu ambiri a masewera anali a Azungu okhaokha. Anthu akuda ankangotchetcha udzu, kuthirira bwalo ndi kutola mpira ukagwera kutali. Dziko litalandira ufulu mu 1964, zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Mu 2003 Malawi analowa m'bungwe la kiriketi la dziko lonse lotchedwa ICC. M'mwezi wa Novembala 2019 timu ya dziko lino inasewera ndi ya Mozambique ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo inapambana masewera ambiri.

Timu ya kiriketi imakhala ndi anthu 11. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kosalala kotalika mamita 20, ndipo kumapeto ake onse awiri amazikako zikhomo zitatu. Woponya amaponya mpira kuti agwetse zikhomo, koma womenya amazitchinjiriza ndi thabwa lake. Akaumenya mpirawo, iye ndi mnzake amathamanga kusinthana malo, ndipo akatero apeza chigoli chimodzi. Mpira ukatuluka m'bwalo mogubuduzika amawerenga zigoli zinayi, koma ukatuluka uli m'mwamba amawerenga zisanu ndi chimodzi.

Nthawi zambiri masewerawa amatha tsiku limodzi, koma ntchito yoyendetsa kalabu imatenga chaka chathunthu. Tiyeni tione mmene chaka china chinayendera pa kalabu ina yaing'ono ya pa esiteti. Mamembala ake anali makalaliki, akapitawo, madalaivala ndi aphunzitsi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalandira malipiro chifukwa chosewera.

M'mwezi wa Januwale mvula inali pakati. Tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, choncho aliyense anali kalikiliki kumunda ndi kufakitale. Otchola tiyi ankalawirira m'mamawa ndi madengu kumsana, kutchola masamba awiri ndi kansonga kake. Bwalo la kiriketi linali matope okhaokha, udzu utafika m'mawondo.

M'mwezi wa Febuluwale mamembala anachita msonkhano wa pachaka. Anasankha wapampando, mlembi, msungichuma ndi woyang'anira bwalo. Kenaka msungichuma anaimirira nanena mawu osautsa.

"Abale anga, m'thumba mwathu mwatsala ndalama zochepa. Mipira yathu yang'ambika, ndipo anzathu anayi asamutsidwa pa ntchito. Tatsala anthu asanu ndi anayi okha. Timu sikwana."

Ena anati kunali bwino kungotseka kalabuyo. Koma woyang'anira bwalo, nkhalamba imene pa unyamata wake inkatolera Azungu mpira, anapempha kuti alankhulepo.

"Pepani akuluakulu, ine ndinaphunzira masewerawa poonerera chabe, pakuti sankandilola kugwira thabwa. Lero ana a otchola tiyi amaima kuseri kwa mpanda monga ndinkachitira ine. Bwanji tiwatsegulire chipata?"

Anthu anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anavomera. Anagwirizana kuti membala aliyense azipereka kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo kuti Loweruka lililonse masana aziphunzitsa ana, anyamata ndi atsikana omwe.

Mvula itayamba kukata mu Epulo, ntchito ya pa bwalo inayambika. Anatchetcha udzu ndi zikwakwa, nakumba zulu za chiswe ndi kukwirira maenje. Ntchito yaikulu inali pa kanjira ka pakati paja. Kanjirako kakakhala ndi mabampu, mpira umanjanja mosayembekezeka ndipo ungavulaze womenya, chifukwa mpira wa kiriketi ndi wolimba ndithu. Choncho ankakathirira madzi pang'ono n'kukokapo chigudumu cholemera chachitsulo mobwerezabwereza mpaka dothi litagwirana. Chigudumucho sichinkasuntha ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mu Meyi mlembi analemba makalata ku matimu a ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Mulanje, kupangana masiku a masewera. Msungichuma anagula mipira iwiri yatsopano. Ana analibe zida zokwanira, tsono kalipentala wa pa esiteti anawasemera timatabwa, ndipo ankaphunzira ndi mpira wofewa wa tenisi.

Masewera anayamba mu Juni, nyengo yachisanu. Iyi ndi nthawi imene tiyi samaphuka kwambiri ndipo minda ina imaduliridwa, motero anthu anali ndi mpata. Komabe mavuto sanathe. Ku Thyolo kumawomba chiperoni, mphepo yozizira yodza ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Tsiku lina alendo anafika bwinobwino, koma nkhungu inakuta bwalo lonse kotero kuti woponya sankamuona womenya. Masewera analephereka. Tsiku linanso galimoto inafera pa msewu, timu n'kufika mochedwa. Wapampando anapepesa kwa eni bwalo, ndipo anagwirizana zochepetsa nthawi yosewera.

Pa tsiku la masewera aliyense anali ndi gawo lake. Wina ankajambula mizere ndi laimu, wina ankalemba zigoli m'buku, ndipo oweruza awiri ankaima pa bwalo. Mwambo wa kiriketi ndi wakuti woweruza akakweza chala, womenya amatuluka osatsutsa, ngakhale mtima ukumupweteka. Masana matimu onse awiri ankapumula n'kumwera limodzi tiyi wolimidwa pomwepo.

Masewera otsiriza anachitika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anyamata awiri mwa ana aja anali atakhwima, ndipo anawaika m'timu kuti anthu akwane 11. Anthu a m'midzi yozungulira anadzaza m'mphepete mwa bwalo. Mmodzi wa anyamatawo anagwetsa zikhomo za alendo kawiri, amayi n'kululutira. Pamapeto pake alendo anapambana ndi zigoli zitatu zokha. Eni bwalo anawagwira chanza, nawaperekeza mwaulemu.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala. Mamembala anapaka mafuta matabwa omenyera kuti asang'aluke, naika zida zonse pamalo pouma, posafika chiswe. Mu Disembala msungichuma anawerenga poyera ndalama zonse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, nasonyeza malisiti ake. Panalibe ngongole. Chikho sanatenge chaka chimenecho, koma buku la mlembi linali ndi mayina atsopano ambiri, ndipo palibenso amene ananena zotseka kalabu.

Mawu ofunika kuwadziwa

Kalikiliki: kutanganidwa kwambiri ndi ntchito.
Kangachepe: chopereka chochepa.
Chiperoni: mphepo yozizira yodza ndi nkhungu ndi mvula yowaza.
Kunjanja: kudumpha kwa mpira ukagunda pansi.

Mafunso

1. Kodi tiyi anayamba kulimidwa liti ku Mulanje ngati mbewu ya malonda?
2. Timu ya kiriketi imakhala ndi anthu angati?
3. N'chifukwa chiyani kalabuyi sinkasewera m'dzinja? Perekani zifukwa ziwiri.
4. Kodi woyang'anira bwalo anapereka maganizo otani pa msonkhano?
5. Fotokozani ntchito ya mlembi ndi ya msungichuma.
6. Kodi mwambi wakuti "Mutu umodzi susenza denga" ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Ntchito

Lembani ndime imodzi yofotokoza mmene inu ndi anzanu mungayendetsere kalabu ya masewera pa sukulu yanu kuyambira teremu yoyamba mpaka yachitatu.