Namasupuni m'dziwe la pakhomo

Funso: Ndili ndi kadziwe kokongoletsera pakhomo kuno ku Liwonde. Mnzanga akufuna kundipatsa namasupuni chifukwa cha maluwa ake okongola. Kodi pali vuto? Mayi wa ku Liwonde

Yankho: Mayi, chonde musalandire. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakopeka ndi maluwa omwewo. Taonani mu Shire lero. Amaphimba madzi, nsomba n'kumasowa mpweya, bwato la msodzi osadutsa, ndipo akakokoloka amatseka makina opangira magetsi ku Nkula. M'madzi ofunda amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha, pomwe njere zake zimakhala zamoyo m'matope zaka zoposa 15. Inutu muli pafupi ndi mtsinje. Dziwe lanulo likasefukira nthawi ya dzinja, kachidutswa kamodzi n'kokwanira kuyambitsa mavuto.

Dzalani akakombo a m'madzi akwathu konkuno, omwe mizu yake anthu a ku Nsanje amati nyika. Mnzanuyo mumuuze azule ake onse, awayanike padzuwa kutali ndi ngalande, akauma awatenthe. Asawatayire kudambo.