Dziwani ufulu wanu: chipani, mtundu ndi mwano ku Garden

Malamulo aakulu a dziko la Zambia amalola munthu aliyense kulowa chipani chimene akufuna, kapena kusalowa chilichonse. Ku Garden, komboni ya m'dera la Mandevu kumene Anyanja, Abemba, Atonga, Alozi ndi obwera kuchokera kunja amakhalira limodzi, kadala wa chipani alibe mphamvu yothamangitsa munthu pamsika kapena pasiteshoni chifukwa cha chitenje chimene wavala.

Kudzudzula chipani n'kololedwa, ngakhale ndi mawu owawa. Mlandu umabwera munthu akayamba kunyoza kapena kudanitsa anthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena kwawo, ndipo chilango chimafika zaka ziwiri m'ndende. Mu 2023 khoti la ku Kasama linagamula Chishimba Kambwili, yemwe kale anali nduna, pa mlandu wotere.

Woopsezedwa kapena womenyedwa akanene kupolisi, atatenga chiphaso cha NRC, maina a mboni ndi mauthenga a pafoni. Wovulala apemphe fomu ya kuchipatala. Apolisi akanyalanyaza, dandaulo lipite ku Police Public Complaints Commission kapena ku Human Rights Commission. M'nyengo ya kampeni, makomiti othetsa mikangano a bungwe loyendetsa zisankho la ECZ amamvanso nkhani zotere.