Kuzindikira Akangaude a Ululu m'Nyumba za ku Dar es Salaam

Kangaude wotchedwa brown recluse, amene asayansi amamutcha Loxosceles reclusa, kwawo ndi ku United States, m'zigawo monga Missouri, Arkansas ndi Oklahoma. Ku Tanzania si kwawo. Koma abale ake a mtundu wa Loxosceles alipo mu Africa muno, ndipo mmodzi wa iwo, Loxosceles rufescens, wafika m'maiko ambiri atabisala m'katundu. Mumzinda wa doko ngati Dar es Salaam, momwe makatoni amatuluka m'sitima n'kulowa m'masitolo a ku Kariakoo, mabanja ayenera kudziwa maonekedwe ake.

Chizindikiro chodalirika ndi maso. Akangaude ambiri ali ndi maso 8, pomwe a mtundu uwu ali ndi 6, okhala awiriawiri m'magulu atatu. Kuti aoneke pamafunika galasi lokuzira zinthu. Thupi lake ndi lofiirira, lotalika pafupifupi sentimita imodzi, miyendo yowonda yopanda mizere. Kumbuyo kwa mutu kuli banga lakuda looneka ngati kagitala, khosi lake litaloza kumimba. Bangalo palokha silokwanira, chifukwa pa ana ake silioneka bwino. Usana amabisala m'nsapato, m'makatoni ndi m'zovala zounjikidwa pansi, ndipo amaluma akapanikizidwa pakhungu. Nthawi zina pamalopo pamatuluka thuza lomwe limasanduka chilonda chochedwa kupola.

Amene amapezeka kawirikawiri pakhomo ndi brown widow, Latrodectus geometricus. Amaluka ukonde wosalongosoka kunsi kwa mipando ya pulasitiki, m'mphepete mwa zidebe ndi m'ngodya za chimbudzi. Kunsi kwa mimba yake kuli banga la mtundu wa lalanje, lowonda pakati. Chomuulula msanga ndi thumba la mazira ake, kampira koyererako ka minga ngati chipatso cha nsatsi. Ululu wake umagwira mitsempha: munthu amatha kumva kupweteka m'minofu ndi kutuluka thukuta.

Akangaude aphwatalala othamanga pakhoma usiku alibe vuto kwa munthu. Iwo amangosaka tizilombo.

Zilonda zambiri zimene anthu amanamizira kangaude, amene Aswahili amati buibui, zimakhala zithupsa. Zina zimadza ndi Nairobi fly, kachilombo kofiira ndi kakuda kochuluka mvula ya Malichi mpaka Meyi ikagwa. Kameneka sikaluma, koma kakatswanyidwa pakhungu madzi ake amawotcha.

Wolumidwa ndi kangaude asambitse bala ndi sopo, aikepo nsalu yozizira. Kutema mphini kapena kumanga chingwe kumangokulitsa vuto. Ngati kangaudeyo wagwidwa, aikidwe m'botolo kuti achipatala amuone. Mwana wolumidwa, kapena wamkulu amene bala lake likuda, likukula, kapena wayamba kutentha thupi, apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Muhimbili. Nsapato ndi zovala zogonera pansi zizikutumulidwa zisanavalidwe.