Phunziro la Sabata Ino: Wopuma pa Ntchito Adzacheza ndi Yani?

Abale ndi alongo, m'midzi yathu ya kwa Kasakula ndi madera ena a Ntchisi ndi Dowa tili ndi makolo amene anagwira ntchito zaka zambiri kutali ndi kwawo: aphunzitsi, apolisi, anamwino, alangizi a zaulimi, ena m'makampani a fodya ku Kanengo. Ogwira ntchito m'boma amapuma akafika zaka 60. Ambiri amakonzeratu nyumba, munda ndi mapepala a penshoni, koma ndi ochepa amene amadzifunsa kuti, “Kodi kumudziko ndikacheza ndi yani?” Phunziro lathu lero lili pa funso limeneli.

1. Anzathu a kuntchito amamwazika

Kuntchito abwenzi sitichita kuwafunafuna. Timawapeza m'mawa uliwonse chifukwa belu ndi limodzi, bwana ndi mmodzi, madandaulo a malipiro ndi amodzi. Ntchito ikatha, chimene chinkatisonkhanitsa chathanso. Wina apita ku Dedza, wina ku Karonga, ndipo m'dzinja misewu ya m'mapiri muno ikaterera ngakhale wa ku Mponela amaoneka wakutali.

Kumudzi nakonso zinthu sizinaime. Amene tinkaweta nawo mbuzi ena anatisiya, ena ali ndi magulu awo. Bambo amene wasankha kukapumira kwawo kwa mkazi amapezeka ali mkamwini watsopano pa zaka 60. Palibe amene wamulakwira, komabe amangokhala pakhonde ndi wailesi yake.

2. Chenjerani ndi miyezi yoyamba

Ndalama zopumira pa ntchito zikalowa, mbiri imafika m'mudzi msanga. Pakhomo pamadzaza. Uyu akufuna ngongole ya feteleza, uyu akuti tiyeni pa sitolo tikakambirane za bizinezi, uyu akutitcha “bwana” pa mawu aliwonse. Kuthandiza mnzako n'kwabwino. Koma ubwenzi umene wayamba tsiku limene ndalama zafika umathanso tsiku limene zatha. Yesani chonchi: kodi munthuyu amabwera ndikadwala? Kodi amandiuza zoona ndikalakwa? Kodi angalandire yankho lakuti “lero ndilibe” n'kubweranso mawa?

3. Ubwenzi wa kumudzi umamangidwa ndi miyendo

Choyamba, pitani ku maliro. Chipepeso chotumiza pafoni chimathandiza, koma anthu amakumbukira amene anagona pasiwa ndi amene anaperekeza mpaka kumanda. Amene akadali pa ntchito ayambe lero, osadikira kupuma.

Chachiwiri, vulani udindo. Ahedi a sukulu ndi asajeni akafika pa bwalo la bawo ndi osewera ngati ena onse. Wolankhula yekha za ku Lilongwe amatopetsa. Funsani anzanu za mbewu ya mtedza imene ikuchita bwino pa nthaka yanu, za nthawi yobzala soya, za mankhwala a nkhumba. Munthu amene mwamufunsa nzeru amadziwa kuti mwamulemekeza.

Chachitatu, lowani gulu limene limakumana pa tsiku lodziwika: mphakati, kwaya, banki m'khonde, kalabu ya alimi, komiti ya sukulu kapena ya mjigo. Ubwino wa gulu ndi wakuti mukajomba kawiri wina amabwera kudzafunsa. Luso lanu lolemba malipoti ndi kusunga mabuku a ndalama likufunika kumeneko, bola musalande mpando wa wina.

Chachinayi, lolani kulandira. Mnansi akabweretsa mbale ya maungu musathamangire kumulipira. Akulu anati kupatsa n'kuika. Mulekeni naye aike.

Chachisanu, musataye akale. Sankhani awiri kapena atatu a kuntchito, muziwaimbira pa tsiku lokhazikika mwezi uliwonse. Musadikire uthenga wa maliro kuti mumve mawu a banja lawo.

4. Kukhala wekha kuli ndi ngozi

Mu November 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa komiti yapadera yoona za vuto la kusungulumwa, poona kuti limawononga thanzi. Ife tikulidziwa ndi maso: wina amayamba kachasu m'mawa, wina amasiya kumwa mankhwala a BP popanda womukumbutsa.

Pali ngozi ina yoopsa. Nkhalamba imene ilibe ocheza nayo ndi imene imalozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi. M'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa powaganizira ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma apolisi asanafike, amene amateteza agogo ndi anansi amene angaime n'kunena kuti, “Awa timawadziwa, timadya nawo.”

5. Mbali ya ife tonse

Ubwenzi sumangidwa ndi munthu mmodzi. Wobwerera kumudzi tisamuone ngati thumba la ndalama kapena wodzikonda tisanamudziwe. Achinyamata, pitani mukawaphunzitse agogo kuwerenga uthenga pafoni, iwo akuuzeni mbiri ya mudzi wanu. Kuyambira 2021 Mpingo umakumbukira agogo ndi okalamba Lamulungu lachinayi la July, koma chaka chili ndi masabata 52.

Mafunso okambirana ku mphakati

a) Ndani m'dera lathu wapuma pa ntchito posachedwa, ndipo tinamuyendera liti?
b) Ndi nkhalamba iti imene imatha sabata yathunthu popanda mlendo?
c) Ine amene ndikadali pa ntchito, ndinapita liti komaliza ku maliro a kwathu?

Musanabalalike, gwirizanani dzina limodzi ndi tsiku limene mudzapite kukacheza sabata ino.