N'chifukwa chiyani mabuleki amalira? Phunziro la friction lochokera ku galaja

Mwezi wa June, nthawi imene malole odzaza mabelo a fodya amakhala ali ndanda kupita ku okishoni ya Chinkhoma, kagalimoto kanga kanayamba kundichititsa manyazi. Ndikangoponda buleki pafupi ndi depoti ya Kasungu, tswiii! Anthu onse cheu. Marimu akutsogolo nawo anali bii ndi fumbi lakuda, losiyana ndi fumbi lofiira la m'misewu yathu. Chinandiwawa n'chakuti mapadi ndinali nditangosinthitsa kumene, otchipa ndithu, poti mwezi unali patali.

Amakaniki atamasula tayala anapukusa mutu. "Aphunzitsi, mapadi awa ndi ouma ngati mwala, ndipo amene anakuikiraniyo sanabwezeretse tizitsulo ta kumbuyo kwake. Disikinso yadyeka, taikhudzani." Nditayendetsa chala padisiki ndinamva mizere ngati ya m'munda. Apo ndinazindikira kuti zimene ndimaphunzitsa m'kalasi zinali pamaso panga.

Mphamvu imapita kuti galimoto ikaima?

Chinthu chilichonse choyenda chimakhala ndi kinetic energy, ndipo fomula yake mukuidziwa: KE = ½ × m × v². Tiyeni titenge galimoto yolemera makilogalamu 1,000 yomwe ikuthamanga makilomita 72 pa ola mumsewu wa M1. Liwiro limeneli ndi mamita 20 pa sekondi. Tikawerengera, ½ × 1,000 × 20 × 20 zikutipatsa ma joule 200,000.

Mphamvu siingosowa ayi, imangosintha mtundu. Dalaivala akaponda buleki, mapadi awiri amapana disiki yachitsulo yomwe imazungulira limodzi ndi tayala. Kukhulana kumeneku, komwe timati friction, kumasandutsa pafupifupi mphamvu yonse ija kukhala kutentha. Ma joule 200,000 angatenthetse lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika pafupifupi 73, ndipo mabuleki amalandira zonsezi m'masekondi ochepa chabe.

Onaninso ka 2 kali pamwamba pa v. Galimoto yomweyo ikamayenda makilomita 36 pa ola imakhala ndi ma joule 50,000 okha. Liwiro likawirikiza kawiri, ntchito ya mabuleki imawirikiza kanayi. Muziganizira zimenezi musanadumphe msewu kutsogolo kwa lole ya fodya.

Nanga kulirako?

Phokoso lililonse limabwera chifukwa chinthu china chake chikunjenjemera. Padi ikamakhula disiki siitsetsereka mosalala nthawi zonse. Imagwira, n'kutaya, n'kugwiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kugwira ndi kutaya kumeneku kukagwirizana ndi mmene disiki imanjenjemerera mwachibadwa, disikiyo imalira ngati belu la kusukulu. Kulira kwa mabuleki kumayambira cha pa ma hertz 1,000 kukwera m'mwamba, pomwe khutu la munthu limamva kuyambira 20 mpaka 20,000. N'chifukwa chake kumalasa m'makutu.

Munamvapo choko chikulira pabolodi? Ndi zomwezo. Njinga ya kabaza ikamalira mabuleki rimu itanyowa, ndi zomwezonso.

Sikulira konse komwe kuli koopsa. Galimoto ikagona panja mvula itagwa, disiki imachita kadzimbiri ndipo imalira pang'ono m'mawa, kenako n'kusiya. Koma mapadi ambiri ali ndi kachitsulo koikidwa dala kuti kazikhudza disiki padi ikatsala yopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu. Kameneko kakalira ndiye kuti kakukuchenjezani. Mukamva kukukuta kwa chitsulo pa chitsulo, dziwani kuti padi yatheratu ndipo galimotoyo siyenera kuyendanso.

Fumbi lakuda lija

Friction imadya zinthu zonse ziwiri zimene zikukhulana. Fumbi lija ndi tizidutswa ta padi tosakanikirana ndi chitsulo cha disiki. Limachuluka kutsogolo chifukwa galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, monga mmene inu mumagwera kutsogolo minibasi ikaima mwadzidzidzi. Choncho mabuleki akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu.

Mapadi alipo mitundu ingapo. A semi-metallic ali ndi zitsulo zambiri, amapirira kutentha, koma amatulutsa fumbi lambiri ndipo sachedwa kulira. A ceramic sasokosa kwenikweni ndipo fumbi lake ndi lochepa komanso lotuwa, koma mtengo wake ndi wokwera. A organic ndi ofewa, osalira kwambiri, koma amatha msanga. Palibe mtundu wopambana pa zonse. Chenjezo: fumbili musaliuzire ndi pakamwa kapena pampu. Mapadi ena, makamaka akale, amakhala ndi asbestos yemwe amawononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa.

Zimene tinachita

Disiki iliyonse imalembedwa kuchindikala kumene siyenera kupyola ikamadyeka. Zanga titaziyeza zinali zitapyola, ndiye tinasintha zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, kuti galimoto isamakokere mbali imodzi. Tinaika mapadi abwinoko pamodzi ndi tizitsulo ta kumbuyo tija, totchedwa ma shim, tomwe timameza kunjenjemera. Amakaniki anapaka girizi wa mabuleki pang'ono kumbuyo kwa padi ndi pa timapini totsetsereka. Kumaso kwa padi, kokhudza disiki, girizi sayandikirako, chifukwa amachotsa friction ndipo galimoto siingaime.

Pomaliza anandiuza kuti, "Pitani pamsewu wopanda anthu, muthamange pang'ono n'kuponda buleki mofatsa kangapo, osaimiratu." Izi zimathandiza kuti padi isiye kachikuto kopyapyala kofanana padisiki yonse, kuti ziwirizi zizigwirana bwino. Kulira kunatha. Ndalama zomwe ndinkati ndapulumutsa pogula zotchipa ndinazilipira kawiri.

Yesani nokha

Tengani tambula yagalasi yopyapyala yosasweka m'mphepete, nyowetsani chala, muzichizunguza pang'onopang'ono pamlomo pake mpaka italira. Thiranimo madzi, muyesenso. Kodi kaliridwe kasintha bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani?

Kenako werengerani iyi: lole yonyamula fodya yolemera makilogalamu 12,000 ikuyenda makilomita 54 pa ola. Kodi mabuleki ake asandutsa ma joule angati kukhala kutentha kuti iime? Musaiwale kuyamba mwasintha liwirolo kukhala mamita pa sekondi, poti ambiri mumagwera pamenepo.