Lenzi ya ku Joni

Mnyamata wina wa pa Msundwe ankadya za kamera. Zinkhoswe, maukwati, ana omaliza Fomu 4, zonsezi ankajambula ndi Nikon D3200 ndi kalenzi ka 18-55mm kamene kamera imabwera nako. Pa mpira pokha ndiye pankamuvuta, poti osewera ankatuluka ngati nyerere. Atagulitsa soya, anatumiza ndalama kwa msuweni wake ku Johannesburg ndi mawu ochepa pa WhatsApp: "Achimwene, mundipezere lenzi yokoka patali, ya Nikon, yofika 300."

Msuweniyo anagula zimene anauzidwa: AF 70-300mm f/4-5.6G, yogwirapo kale ntchito koma yosalala. Inabwera pa basi, inalowa pa kamera bwinobwino. Mnyamatayo atadina batani kuti ilunjike, zii, osatembenuka n'komwe.

Lenziyo sinali yakufa ayi. Makamera ang'onoang'ono a Nikon monga D3100, D3200 ndi D5100 alibe kamota kotembenuza lenzi, choncho amafuna lenzi yokhala ndi mota yakeyake, yolembedwa AF-S. Ngakhale zatsopano zolembedwa AF-P sizigwirizana ndi D3200. Wogulitsa amene akufuna ndalama yanu sangayambe yekha kukuuzani zimenezi, n'chifukwa chake kamera imapita nawo kogula, kapena mumatchula dzina lake lonse.

Mnyamatayo anati palibe kanthu, azipotokola ndi dzanja. Anali atalandira kale chikole kwa timu ina ya kwawo kuti ajambule fainolo ya bonanza. Mpira wa kumudzi mukuudziwa, suyamba nthawi yake. Pofika chigawo chachiwiri dzuwa linali litapendeka, fumbi lili koboo. Pa 300mm lenzi imeneyi imatseguka kufika f/5.6 basi, kuwala kolowa n'kochepa, pamene munthu wothamanga amafuna shata ya 1/500 kapena yofulumira kuposa apo. Ilibenso VR, kachipangizo kochepetsa kunjenjemera kwa manja, ngakhale kuti VR yo imagwira manja anu okha, siimitsa wosewera. Dzanja lamanzere likusaka mpira, lamanja likudina, kamera ikugwedera. Chigoli chopambana chinatuluka mbuu, wogoletsa osadziwika kuti ndani, koma chimanga cha mayi wina wootcha kuseri kwa golo chikuoneka njere iliyonse.

Chikole anabweza. Anakwera minibasi ya mu msewu wa Mchinji kukagulitsa lenziyo m'tauni, kumene anamva kuti ikanagwira bwino pa D90 kapena D7000, amene ali ndi mota m'kati. Wojambula wina wachikulire anaichotsa zivundikiro zonse ziwiri, nawalitsa tochi ya foni kumbuyo kwake. Pa galasi la m'kati panali timizere toyera tonga ulusi: nkhungu, imene imamera lenzi ikasungidwa pachinyontho. Anamubwezera m'manja osafunsa n'komwe mtengo.