Njuchi ndi Nthudza: Musadule Mtengo Wosabereka

Alimi a m'mphepete mwa mapiri ku Dedza, Ntcheu, Zomba ndi Mulanje, nthudza mumaidziwa: kamtengo kaminga komera kokha m'thengo, komwe zipatso zake ana amayamba azifikisa m'manja kuti zifewe ndi kuzuna. Chomwe ambiri sitilabadira n'chakuti nthudza imadalira tizilombo toyendera maluwa, makamaka njuchi, kuti ibereke.

Monga masuku, nthudza ili ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi. Yaimuna imachita maluwa odzaza ndi mungu koma sibereka. Yaikazi ndiyo imabereka, pokhapokha mungu utafika pa maluwa ake. Njuchi zikamatola mungu ndi timadzi totsekemera, zimachoka mtengo uwu kupita uwo, ndipo mungu womatirira pa ubweya wawo umatsalira pa duwa lalikazi. Choncho wodula nthudza yosabereka poiyesa yachabe, walanda zipatso mitengo ina yonse ya pamalopo. Njuchi nazo wazimana chakudya, poti nthudza imachita maluwa chakumapeto kwa chilimwe, minda isanamere kanthu.

Kubzala nthudza si kovuta. Tengani njere za zipatso zakupsa bwino, zitsukeni, muzifese m'machubu. Zimachedwa kumera, musataye mtima. Okerani mbande mvula ikakhazikika, m'malire a munda kapena pamtsetse pomwe chimanga sichichita bwino. Mbande yaimuna ndi yaikazi sizisiyanitsika zikadali zazing'ono, ndiye bzalani zambiri ndipo musachotsepo ina isanachite maluwa. Mukazibzala mothithikana, minga yake imatchinga mbuzi.

Njuchi zipatseni nyumba pafupi. Mng'oma wabwino ndi wamatabwa, wokhala ndi timatabwa toyala pamwamba, kalikonse kotambalala mamilimita 32. Muyeso umenewu musauphonye: ukalakwika, njuchi zimamanga zisa mopingasa ndipo pofula mumaswa zisa za ana. Pakani phula pakati pa timatabwato kuti fungo lake likope njuchi. Pachikani mng'oma ndi waya pamthunzi, kutali ndi njira ya anthu ndi khola, pomwe chiuli sangafikire, ndipo wayayo mupake girizi kuti linthumbu lisakwere. M'chilimwe ikani madzi m'mbale yokhala ndi timiyala poteramo njuchi. Ming'oma ya makungwa tiisiye, chifukwa mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira umauma.

Adani aakulu ndi moto wolusa ndi mankhwala. Lambulani kuzungulira mitengo udzu usanaume. Mbewu zikachita maluwa pewani kupopera. Zikavuta, poperani madzulo njuchi zitalowa. Njuchi zomwezi ndizo zimayendera maungu, nkhaka ndi mpendadzuwa wanu, ndipo zimauluka makilomita awiri kapena atatu posaka chakudya, kotero nkhani ya mankhwalayi mukambirane ndi anansi anu.

Musanayambe, kaonaneni ndi mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu kuti akuonetseni kapangidwe ka mng'oma ndi zovala zofulira uchi.